Anandifunsa ngati ndili ndi pakati pa intavyu, ndikanayankha bwanji?

Tisa_waKapata
Abale, ndigawireniko nzeru, mtima wanga sunakhale pansi kuyambira dzulo. Ndinaitanidwa ku intavyu ya ukalaliki pa kampani ina yogula mbewu kuno ku Chipata, dzina sinditchula. Ndinakonzekera sabata yathunthu: kuwerengera matumba, kulemba malisiti, za sikelo, zonse. Ofunsa anali atatu, abambo awiri ndi mayi mmodzi. Mafunso oyamba anali a ntchito ndithu, ndipo ndinayankha bwino. Kenako bambo wamkulu uja anayang'ana mphete pachala changa n'kuti, "Muli pabanja?" Ndinavomera. "Ana angati?" Ndinati mmodzi. Ndiye anati, "Wachiwiri abwera liti? Panopa mulibe pakati? Ife nyengo yogula soya ndi mtedza sitifuna munthu wongokhalira kupita kusikelo ya ana." Mnzake anaseka. Ine kukamwa kunauma, ndinangoti ayi bwana, ndilibe. Potsiriza anafunsanso ngati amuna anga angandilole kukagona ku depoti ya ku Chadiza ntchito ikachuluka.

Ndinatuluka ngati andivula chitenje pakati pa msika. Kodi mafunso otere ndi ololedwa? Nanga munthu ayankhe bwanji kuti asataye ulemu wake komanso asataye ntchito? Lachinayi ndili ndi intavyu ina, ndiye ndikuopa kuti ziterenso.

MchiniBoy
Asisi, pepani. Koma zoona zake, ntchito ikusowa. Ine akanandifunsa ngakhale dzina la galu wa agogo ndikanayankha. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

NaChisale
MchiniBoy, iwe anakufunsapo ngati uli ndi pakati? Khala kaye chete amayi alankhule.

MchiniBoy
Sindinanyoze ayi amayi. Ndati njala ilibe ulemu, basi.

KalalikiWakale
Mwana wanga Tisa, ine ndinagwira zaka zambiri mu ofesi yolemba anthu ntchito ndisanapume, ndiye ndikuuze zimene ndikudziwa bwino.

Lamulo lilipo. Ndi Employment Code Act, nambala 3 ya chaka cha 2019. Gawo 5 likuletsa bwana kusankha munthu chifukwa cha mtundu wake, kumene anachokera, chilankhulo, khungu, chipembedzo, maganizo a ndale, kuti ndi mwamuna kapena mkazi, kuti ali ndi pakati, kuti ali pabanja kapena ayi, udindo wosamala banja, kulumala ndiponso thanzi. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti gawoli silikuteteza wolembedwa kale yekha. Likutchulanso munthu amene akufuna kulembedwa, ndiye kuti iweyo uli pampando wa intavyu lamuloli lili nawe kale.

Koma ndisakunamize. Lamulo likuletsa tsankho, silinandandalike mafunso kuti ili osafunsa, ili funsani. Bwana uja ukamugwira anena kuti, "Tinangocheza, amene tinamutenga anaposa pa mapepala." Apa m'pamene pali chovuta. Funso lake ndi umboni wa zimene zinali mumtima mwake, koma umboniwo ukhale wosungika. Choncho lero lomwe, usanaiwale, tenga kope ulembe tsiku, nthawi, malo, anthu analipo ndi mawu enieni amene ananena. Sunganso meseji imene anakuitanira. Kaya udzadandaula kaya ayi, zikhale m'manja mwako.

Za kuyankha, ine ndimaphunzitsa ana anga chinthu chimodzi: funso lokhota libweze ku ntchito. Bwana uja nkhawa yake yeniyeni inali yoti kodi udzapezeka nyengo yogula mbewu. Ndiye unene mofatsa kuti, "Bwana, ngati nkhawa yanu ndi nthawi ya ntchito, ndine wokonzeka kugwira maola onse ofunika ndi kupita ku depoti iliyonse. Za kunyumba ndinakonza kale." Sunanyoze, sunaname, ndipo za m'mimba mwako sunamuuze.

Tisa_waKapata
Zikomo kwambiri agogo. Ndalemba kale m'kope usiku uno. Chimene chikundipweteka n'chakuti mayi uja anali pomwepo, anangowerama n'kumalemba.

NaChisale
Mwina nayenso anafunsidwa zomwezo polowa, ndipo akuopa pakamwa pake. Sindikumuikira kumbuyo, koma ndazionapo.

Sitolo_DownShops
Ndilankhuleko ine wa mbali inayo, musandiponye miyala. Ndili ndi kasitolo kogulitsa zipangizo zomangira, antchito anayi. Mmodzi akapita ku tchuthi cha uchembere masabata 14, ine ndilipire iye, ndilipirenso womugwirira. Kuphatikiza apo pali Mother's Day, tsiku limodzi lopuma limene lamulo limapatsa mkazi wantchito mwezi uliwonse. Kampani yaikulu sikumva, koma ife aang'ono timamva mpaka m'mafupa. Kodi ndikafunsa kuti ndidziwiretu pokonza bajeti, ndalakwa chiyani?

KalalikiWakale
A Sitolo, mwafunsa moona mtima, ndiyankhenso moona mtima. Masabata 14 aja alipodi, kale anali 12. Koma malipiro athunthu pa tchuthicho amayenera mayi amene wakugwirirani zaka ziwiri mosadukiza. Ndiye munthu wakusenzerani ntchito ya m'mabuku, wakusungirani ndalama zaka ziwiri osakuberani, masabata 14 akulemereni? Ndiponso mwamuna amene mwamulemba m'malo mwake angathe kuthyoka mwendo pa njinga ya moto mawa, kapena kukusiyani atapeza pena. Palibe amene amamufunsa zimenezo. Abambo nawonso lamulo lomwelo linawapatsa masiku asanu mkazi akabereka, koma sindinamvepo mwamuna akufunsidwa kuti akazi anu ali ndi pakati kodi.

Sitolo_DownShops
Za zaka ziwirizo sindinkazidziwa bwino. Komabe boma likanatithandizako ife aang'ono, mtolo usamagwere munthu mmodzi.

NaChisale
Pamenepo ndikugwirizana nanu. Kambani ndi boma, kambani ndi aphungu. Koma musalange Tisa chifukwa cha zimenezo. Inunso munabadwa kwa mayi amene anaima kaye ntchito yake ya kumunda kuti akuyamwitseni.

Mwami_Border
Ine langa linali lina. Ndinabadwira pafupi ndi Mwami, amayi ndi a konkuno, atate anga malemu anali a ku Mchinji. Pa intavyu ina ya ulonda bwana anamva kalankhulidwe kanga n'kuti, "Iwe ndiwe wa ku Malawi, usatinamize." Ndinatulutsa NRC yobiriwira, chitupa cha nzika ya Zambia, anaitembenuza uku ndi uku ngati ndalama yachinyengo. Anayamba kundifunsa dzina la mfumu ya mudzi wathu, ndi la mfumu yaikulu. Ndinatchula zonse. Ntchito sindinaipeze. Malire aja anadula mabanja pakati, Achewa ali ku Zambia, ku Malawi ndi ku Mozambique, ndipo pa Kulamba ku Mkaika onsewo amagwadira Kalonga Gawa Undi mmodzi. Nanga ine ndilakwe chifukwa cha lilime limene ndinayamwira?

Loya_mawa
A Mwami_Border, ine ndikadali pasukulu ya zamalamulo, ndiye musanditenge ngati loya wathunthu. Koma apa pali kusiyana koonekeratu. Bwana ali ndi ufulu wofuna kudziwa ngati muli ololedwa kugwira ntchito m'dziko muno. Yankho lake ndi NRC, basi. Mutaionetsa, nkhani inatha. Zofunsa za atate anu ndi mafumu zinali zofufuza kumene munachokera, ndipo zimenezo n'zimene gawo 5 likukana. Ngakhale malamulo aakulu a dziko, pa Article 23, amateteza munthu ku tsankho la mtundu ndi kumene anachokera.

MngoniWaMtenguleni
Ine ku Kitwe anandifunsa mtundu, nditati Mngoni, Mbemba wa pa panelo anayamba za mbewa, ine ndinabweza za anyani. Tinaseka tonse ndipo ntchito ndinaipeza. Sikuti funso lililonse la mtundu ndi loipa, china ndi chimbuya chabe, chibale chathu chanthabwala cha Angoni ndi Abemba.

Mphunzitsi_Katete
Chimbuya n'chokoma pamaliro ndi pa Nc'wala, pamene nonse muli ofanana, wina akakuthira ufa nawe umuthira. Pa intavyu simuli ofanana, mmodzi wagwira khasu la mnzake. Inu zinakuyenderani chifukwa munapeza mbuya wanu. Bwanji wobwera pambuyo panu, Mtonga kapena Mlozi, amene analibe woseka naye? Mwina anakuposani pa mapepala, koma inu munalowa ndi nthabwala.

MngoniWaMtenguleni
Aphunzitsi mwandigwira pakhosi. Sindinaganizepo choncho. Koma mapepala ndinali nawo, musandichepetse.

MchiniBoy
Mwatchula Nc'wala, chaka chino ndani anapita? Ine minibasi inandilipiritsa kawiri mtengo wa masiku onse kuchoka m'tauni kufika ku Mtenguleni.

MngoniWaMtenguleni
February aliyense n'chimodzimodzi, umayenera kulawirira m'mamawa kusanadzaze. Chaka chamawa undiuze, ugone kwathu.

NaChisale
Anyamata inu, mwana wa eni ali ndi intavyu Lachinayi. Za minibasi mukakambirane kwina.

Ndodo_ziwiri
Ndakhala ndikungowerenga, koma ndilembeko. Ndine wa ku Petauke, ndimayenda ndi ndodo kuyambira ndili mwana chifukwa cha poliyo. Ndili ndi dipuloma ya zowerengera ndalama. Ma intavyu amene ndalowa sindingathe kuwawerenga. Ndikangolowa pakhomo, maso onse amapita kumiyendo, ndipo ndimadziwiratu kuti funso likubwera: "Kodi mukwanitsa?" Ena amafunsa kuti chinachitika n'chiyani, ngati ndabwera kuchipatala. Wina anandifunsa ngati ndimatha kupita ndekha kuchimbudzi. Tsiku limenelo ndinalira m'basi njira yonse.

Zaka zoyamba ndinkayankha modzichepetsa kwambiri, kufotokoza mbiri yonse ya matenda, mwina andimvere chisoni. Sizinathandize. Chisoni sichilemba munthu ntchito. Ndinasintha. Tsopano funso likabwera ndimati, "Ntchito imene mwalengeza ndi ya mabuku ndi kompyuta. Ndipatseni mabuku anu a mwezi watha ndi theka la ola, muone." Pamalo pamene ndili panopa anandipatsadi, ndinawapezera pamene ndalama sizinkagwirizana, ndipo mawa lake anandiimbira. Chimene ndinapempha ndi chimodzi, kuti tebulo langa likhale pansi osati pamwamba pokwera masitepe. Lamulo la anthu olumala la 2012 lilipo, koma ine chimene chinanditsegulira chitseko ndi kukana kukamba za miyendo n'kukamba za manambala.

Tisa, usalole akutengere kumene iwo akufuna. Iwe unapita kukakamba za matumba ndi malisiti.

Tisa_waKapata
A Ndodo_ziwiri, ndawerenga kawiri. Mulungu akudalitseni.

Chilungamo77
Ine ndikuona kuti mukumuphunzitsa mwanayu kuzemba. Chifukwa chiyani tizinyengerera anthu ophwanya lamulo? Auzeni pamaso kuti funso ili n'losaloledwa, imirirani, tulukani, pitani ku Leba. Tikamangoyankha mwaulemu sadzasiya. Ndipo muzijambula mawu pafoni mwakachetechete.

KalalikiWakale
A Chilungamo, mkwiyo wanu ndi woyenera, ndipo alipo mafunso amene munthu ayenera kuimirira n'kutuluka. Koma amene ali ndi lendi ya nyumba ku Kapata ndi mwana wofuna phala ndi Tisa, si inu kapena ine. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tisamuuze kuti akapanda kumenya nkhondo pomwepo ndiye wagonja. Angathe kuyankha mwanzeru m'chipindamo, n'kukadandaula pambuyo pake ngati afuna. Ofesi ya Leba ku Chipata ilipo, a Human Rights Commission ali ndi ofesi konkuno, a Legal Aid Board nawonso alipo kwa amene sangathe kulipira loya. Zojambula mobisa ine sindilimbikitsa, zingamubweretsere milandu ina. Kope ndi cholembera n'zokwanira poyambira.

Chilungamo77
Nanga ndani anapitako ku Leba chifukwa cha intavyu n'kuthandizidwa? Tiuzeni.

Loya_mawa
Nkhani za intavyu n'zovutadi kupambana, chifukwa umboni umakhala mawu ako ndi mawu awo. Koma dandaulo silipita pachabe. Akadandaula atatu, anayi za kampani imodzimodzi, sizikhalanso mawu a munthu mmodzi. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Osatchula_dzina
Ndatsegula dzina latsopano kuti ndilembe izi. Ndimamwa ma ARV, chaka chino ndi cha 9, ndili ndi thanzi, ndimalima, ndimagwira ntchito ngati wina aliyense. Pa intavyu ina ya kuphika pa loji, mayi wofunsa anati, "Munayezetsa magazi? Zotsatira zinali bwanji? Paja muzigwira chakudya cha alendo." Ndinanama, ndinati ndilibe. Anandilemba, koma miyezi yonse ndinkakhala ndi mantha, tsiku lokatenga mankhwala ndinkapeka maliro. Mapeto ake ndinasiya ndekha. Mpaka lero ndimadzifunsa ngati ndinachimwa ponama.

Nesi_waLundazi
M'bale wanga, wolakwa ndi amene anafunsa. Kachilombo ka HIV sikafala kudzera m'chakudya, m'mbale kapena pogwirana chanza. Anthu ophikira anthu amayezedwadi, koma zimene zimafunika pamenepo ndi matenda opatsirana kudzera m'chakudya monga taifodi. Za magazi ako ndi chinsinsi chako ndi achipatala. Mu 2010 khoti lalikulu ku Livingstone linagamula nkhani ya amuna awiri amene kale anali a gulu la nkhondo la m'ndege, amene anayezedwa HIV osapemphedwa chilolezo, ndipo linati kuwayeza koteroko kunaphwanya ufulu wawo. Ngati khoti linatero, bwanji mayi wa pa loji?

Ukadzakumananso nalo, unene kuti, "Ndili ndi thanzi lokwanira ntchito imeneyi, ndipo ngati pakufunika chikalata cha dokotala chosonyeza kuti ndingagwire ntchito ndibweretsa." Pamenepo sunaname ndipo sunaulule. Chonde mankhwala usadumphe chifukwa cha bwana aliyense.

Osatchula_dzina
Zikomo anesi. Sindinadumphepo.

MchiniBoy
Ndabweza mawu anga a poyamba aja. Sindinkadziwa kuti anthu akusenza zotere.

WaSabata
Nanga za mpingo? Ine ndine wa Seventh Day, Loweruka sindigwira ntchito. Akandifunsa kuti mumapemphera kuti, ndibise?

Mphunzitsi_Katete
Apa ndikuona kuti pali mafunso awiri ofanana nkhope koma osiyana mtima. "Mumapemphera kuti?" ndi lofufuza munthu. "Sitolo yathu imatsegula Loweruka, mudzatha kubwera?" ndi la ntchito, ndipo limenelo muyenera kuyankha zoona, chifukwa mukabisa mudzakangana sabata yoyamba yomwe. Munganene kuti Loweruka simungathe koma Lamlungu ndi masiku a tchuthi muli okonzeka, anzanu a mipingo ina apume. Mabwana ena zimawakomera. Abale athu achisilamu amachitanso chimodzimodzi ndi nthawi ya swala Lachisanu.

Loya_mawa
Ndiwonjezereko kuti lamulo lomwelo limavomereza kusiyanitsa ngati chinthucho n'chofunikadi pa ntchitoyo. Mpingo ukafuna m'busa kapena katekisiti ufunsa za chikhulupiriro, palibe cholakwika. Wailesi ikafuna woulutsa mawu m'Chitumbuka imuyesa Chitumbuka. Koma kalaliki wa matumba a soya, pakati pake pakukhudzana bwanji ndi sikelo?

NaChisale
Pali lina limene palibe walitchula, ndipo atsikana ambiri amangomeza. Intavyu yatha bwinobwino, usiku foni ikulira: "Ndine uja wa pa panelo, dzina lako lili pamwamba, tikumane tikambirane bwino." Mwana wa mchemwali wanga zinamuchitikira. Anabwera kwa ine akunjenjemera. Ndinamuuza kuti ayankhe pa meseji, osati pakamwa, kuti, "Zikomo bwana, ndibwera ku ofesi nthawi ya ntchito." Bambo uja sanayankhenso, ntchitonso sinabwere, koma mwana ali bwino ndipo mamesejiwo tinasunga. Limeneli si funso lobweza ku ntchito ayi, n'lokana basi. Lamulo la Gender Equity and Equality la 2015 limaletsa khalidwe limeneli, ndipo ku polisi kuli Victim Support Unit. Atsikana, musapite nokha kumalo kumene munthu wakuitanirani usiku, ngakhale atalonjeza chiyani.

Chilungamo77
Apa ndiye tagwirizana amayi. Ameneyo ndi wofunika kumutchula dzina.

KalalikiWakale
Kumutchula kwa oyenera, osati pagulu pano. Pano mungapalamule mlandu woipitsa mbiri ya munthu, iye n'kusanduka wodandaula.

Sitolo_DownShops
Ndakhala ndikuganiza usiku wonse. Mwezi wamawa ndifuna munthu wa pa kauntala. A KalalikiWakale, mungandilembereko mafunso oyenera? Ine sukulu ya zimenezi sindinapiteko, ndimafunsa mmene anandifunsira ine kalekale.

KalalikiWakale
Ndi mtima wonse. Muyambe polemba zimene munthuyo azichita tsiku ndi tsiku, maola ake, ndi ngati pali zonyamula zolemera. Mafunso atuluke m'menemo, ndipo onse obwera muwafunse ofanana, mwamuna ndi mkazi yemwe. Mukakayika, lamulo limakupatsani miyezi itatu yomuyesera munthu pa ntchito, ndipo mungawonjezere ina itatu. Mudzamuona ndi maso anu m'malo molosera za m'nyumba mwake. Nditumizireni meseji kumbali.

Tisa_waKapata
Abale, ndabwerako ku intavyu ya Lachinayi ija. Inali pa sitolo yogulitsa mbewu ndi feteleza. Dzulo usiku ndinayeserera ndi amuna anga, iwo akukhala bwana, mpaka mawu anakhazikika pakamwa. Lero funso linabweradi, koma mwa njira ina: "Mwana wanu wamng'ono adzatsala ndi ndani?" Mtima unagunda, koma ndinapuma n'kunena kuti za kunyumba ndinakonza kale, ndipo 7 koloko ndizikhala nditafika. Ndinapitiriza ndekha kufotokoza mmene ndinkalembera katundu wolowa ndi wotuluka pamene ndinkagwira kale. Bamboyo anagwedeza mutu n'kupita ku funso lina. Ati atiimbira sabata yamawa.

Za kampani yoyamba ija, ndaganiza kuti ndipite ku Leba Lolemba ndi kope langa. Kaya zithandiza kaya ayi, mawu aja a "sikelo ya ana" akundikanabe kugona.

Ndodo_ziwiri
Wachita bwino mng'ono wanga. Utiuze akaimba.

NaChisale
Lolemba usapite wekha. Ndili ndi zogula ku Saturday Market m'mawa, ndikatha ndikuperekeza. Utenge NRC, meseji yokuitanira ija ndi kalata yako yofunsira ntchito.

Tisa_waKapata
Zikomo amayi. Ndikupezani pa geti la msika 9 koloko, ndidzavala chitenje chobiriwira.